BENCHI YA ANTHU ONSE: YA MATABWA KAPENA YA PULASITIKI WAKALE?

Tsiku la sikelo amayi amalawirira. Ena amayenda maola awiri mwana ali kumbuyo. Pofika pa chipatala amapeza anzawo ali kale pa mzere. Pansi pa mtengo pali benchi imodzi yokha. Mwendo wake umodzi unadyedwa ndi chiswe, ndipo munthu wina anachirikiza ndi njerwa ziwiri kuti isagwe. Amayi atatu akhalapo mwamantha. Ena onse akhala pa fumbi. Ikabwera mvula, onse amaimirira.

Kodi zoterezi munazionapo kwanu? Ambiri a ife tinaziona.

Benchi ndi mpando wautali wokhalapo anthu angapo. Timaipeza pa chipatala, pa sukulu, pa depoti ya basi ndi pa bwalo la milandu. M'mizinda timaipezanso m'mapaki. Paki ndi malo a mitengo ndi kapinga amene amasungidwa kuti anthu azipumulirapo, monga Njamba ku Blantyre kapena munda wa mitengo ndi maluwa wa ku Zomba. Musaipeputse benchi. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi kuthandiza anthu ovutika maganizo. Agogowo sanapatsidwe ofesi ayi. Anapatsidwa benchi ya matabwa kunja kwa chipatala, ndipo anthu ambiri athandizidwa atakhala pamenepo.

Mpando wa panyumba uli ndi mwini wake. Kukachita mitambo, mwiniyo amaulowetsa pakhonde. Koma benchi ya anthu onse imagona panja usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Adani ake ndi anayi: chiswe, mvula, dzuwa ndi wakuba. Tsono komiti ya pa chipatala kapena khonsolo ya mzinda ikapeza ndalama zogulira mabenchi, pamakhala funso. Kodi tigule a chiyani? Kale yankho linali lapafupi: matabwa. Lero kunabwera matabwa ena achilendo opangidwa ndi pulasitiki wakale amene anthu anataya. M'phunziro lino tiona mitundu yonse iwiri, kuti tsiku limene mudzakhale mu komiti yotere mudzayankhule zodziwa.

Matabwa a makolo athu

Funsani mmisiri wachikulire wa matabwa. Adzakuuzani kuti thabwa labwino ndi la mlombwa kapena la mbawa. Akunena zoona. Mlombwa supindika ukauma, sung'aluka msanga, ndipo chiswe sichiukonda. Zitseko za mlombwa zimene agogo athu anakhoma zilipobe m'nyumba zina mpaka lero. Koma dziwani ichi: mbali yolimba ndi ya m'kati, yofiira ija, imene timati mtima wa mtengo. Mbali yoyera ya kunja, pafupi ndi khungwa, chiswe chimadya ngakhale ukhale mlombwa. Wogula thabwa ayang'ane m'mbali mwake. Ngati muli zoyera zambiri, thabwalo lacheka mtengo waung'ono.

Nanga bwanji sitingopanga mabenchi onse ndi mlombwa? Chifukwa mlombwawo ukutha. Mtengo umenewu umakula pang'onopang'ono. Pamapita zaka makumi ambiri kuti ufike pocheka. Munthu amene wabzala mlombwa lero, odzacheka ndi adzukulu ake. Ife tadula msanga kuposa m'mene mitengoyo imakulira. Mu 2022 maiko a dziko lapansi, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Panama, anaika mitundu ya mlombwa ndi mbawa ya mu Africa pa gulu la mitengo yosatumizidwa kunja popanda chilolezo chapadera. Mtengo wa mukula unali utaikidwa kale pa gululo mu 2019.

Nkhani yomvetsa chisoni koposa ndi ya mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Umenewu ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Thabwa lake limanunkhira, siliwola msanga, chiswe chimalithawa. Ubwino wake womwewo ndiwo unauphetsa. Akatswiri atawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itaima pa phiri lonselo. Mbande zambiri zabzalidwa chiyambire nthawi imeneyo, koma mbande si thabwa. Choncho munthu akabwera ndi thabwa la mkungudza nanena kuti, "Tengani, ndi lotchipa," mumufunse kumene walitenga.

Matabwa amene tili nawo lero ndi a mitengo yobzala: paini, bulugamu ndi malaina. Paini wambiri amachokera ku Chikangawa pa mapiri a Viphya, kumene kunabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000, ngakhale kuti gawo lalikulu linatha ndi moto ndi kudula kosabwezera. Paini ndi wopepuka, wosavuta kupala ndi kukhoma. M'nyumba amakhalitsa. Koma mukamusiya panja, miyendo ili pa dothi, ndiye kuti mwaphikira chiswe nsima. Bulugamu ndi wolimbirapo, koma amang'aluka akauma mofulumira padzuwa. Afunika kuumitsa pamthunzi miyezi ingapo, matabwa atasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Amisiri ofulumira ndalama salola kudikira. Amapanga benchi ndi thabwa laliwisi, napaka vanishi, ndipo pakapita miyezi itatu benchi ija yapindika ngati uta.

Alipo matabwa olowetsedwa mankhwala ku fakitale kuti chiswe chisadye. Ena amaoneka obiriwirako. Amenewa amakhalitsa panja, koma mankhwala ake ambiri ali ndi poizoni. Zidutswa zake musasonkhere moto wophikira, ndipo phulusa lake musathire m'dimba. Ena ndi akuda, onunkha phula, monga mapolo a magetsi. Amenewa sayenera pokhalira. Kukatentha amatuluka mafuta odetsa zovala ndi oyabwa pakhungu. Chimodzimodzi oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka matabwa. Mayi wavala chitenje chake chatsopano cha ku sikelo, akhale pa oyilo?

Komabe thabwa lili ndi ubwino umodzi waukulu umene tisauiwale. Likathyoka, mmisiri ali pafupi. Ali pa msika pomwepo ndi sowo ndi hamala yake. Ndalama yokonzetsera imatsala m'mudzi momwemo.

Chitsulo, njerwa ndi simenti

Izi tingodutsamo mwachangu, pakuti mumazidziwa. Chitsulo chiswe sichidya, koma chimachita dzimbiri chikasowa penti, ndipo padzuwa la mwezi wa Okutobala chimaotcha. Chili ndi mdani winanso: anthu ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Benchi ya chitsulo yosamangiriridwa pansi ikhoza kusowa usiku umodzi.

Benchi ya simenti palibe angainyamule. Imakhala zaka zambirimbiri. Koma imazizira m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndi yowawa kwa okalamba, ndipo mukaimanga pamalo olakwika simungaisunthe. Za njerwa zootcha, kumbukirani kuti uvuni umadya nkhuni zambiri. Tingathawe kudula mtengo wa thabwa koma n'kudula mitengo khumi yootchera njerwa. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. M'malo mwake pali mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira pa makina osaotcha.

Thabwa lochokera ku dzala

Kugwiritsanso ntchito zinthu zakale si nzeru yachilendo kwa ife. Koloboyi timapanga ndi chitini chakutha. Mbaula timapanga ndi malata akale. Ana amamanga mpira wachikulunga ndi majumbo. Matayala akale timadula malegeni omangira katundu pa njinga. Chatsopano n'chakuti tsopano kuli makina otha kusandutsa pulasitiki wotayidwa kukhala thabwa.

Pulasitikiyo ndi wochuluka zedi. Akatswiri a ku America anawerengera mu 2017 kuti kuyambira 1950 kufika 2015 anthu anataya matani 6.3 biliyoni a pulasitiki. Mwa magawo 100 alionse, magawo 9 okha ndiwo anakonzedwanso. Magawo 12 anatenthedwa. Otsala 79 ali m'maenje a zinyalala, m'minda, m'mitsinje ndi m'nyanja. Ife sitifunika kuuzidwa ndi akatswiri. Timaona tokha majumbo mu mtsinje wa Mudi ndi m'ngalande zotsekeka za m'misika. Opha mbuzi amawapeza m'mimba mwa ziweto. N'chifukwa chake mu 2015 boma la Malawi linaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala osakwana mamayikironi 60, kumene kuli ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Eni mafakitale anakasuma, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho n'choyenera. Milandu ina inapitirirabe zaka zingapo pambuyo pake.

Tsono thabwa la pulasitiki amalipanga chonchi. Poyamba anthu amatola ndi kusankha. Pulasitiki si mtundu umodzi ayi. Tengani chigubu cha mafuta ophikira kapena beseni, muyang'ane kunsi kwake. Kawirikawiri mudzaona kachizindikiro ka ngodya zitatu kali ndi nambala m'kati. Nambala 1 ndi ya mabotolo oonekera a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi ya zigubu. Nambala 3 ndi ya mapaipi ena a madzi. Nambala 4 ndi ya mapepala ofewa. Nambala 5 ndi ya ndowa zambiri, mabeseni ndi zitsekerero zina. Opanga matabwa amafuna makamaka nambala 2, ndipo amalandiranso 4 ndi 5. Mabotolo a nambala 1 amapita kwina, kukapanga ulusi wa zovala kapena mabotolo ena. Inu amene mwaphunzira kuwerenga manambala, taonani ntchito yake!

Akasankha amatsuka, naumitsa. Kenaka amagaya pa chigayo cha mipeni kufikira pulasitikiyo akhale tizidutswa ngati mphale. Tizidutswato amathira m'makina otentha, pamodzi ndi mankhwala a mtundu ndi ena oteteza ku dzuwa. Pulasitiki wa nambala 2 amasungunuka pa madigiri ngati 130. Madzi paja amawira pa madigiri 100. Akafewa ngati nsima, makina amamukankhira m'chikombole chachitali. Akazizira, latuluka thabwa. Mungalicheke ndi sowo wamba, mungaliboole, mungalimange ndi mabawuti.

Matabwa otere anayamba kupangidwa ku maiko a kunja m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kuno ku Africa aliponso owapanga. Ku Kenya mayi wina, Lorna Rutto, anasiya ntchito ya ku banki nayambitsa kampani ya EcoPost yopanga mapolo a mpanda ndi pulasitiki wa m'zinyalala za mu Nairobi. Mu mzinda womwewo Nzambi Matee amasakaniza pulasitiki ndi mchenga n'kupanga njerwa zoyala pansi, ndipo mu 2020 bungwe la United Nations linamupatsa mphotho chifukwa cha ntchitoyo. Ku South Africa kuli mafakitale angapo opanga mabenchi a m'mapaki ndi pulasitiki wakale.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Chiswe sichidya pulasitiki. Mvula simuwoletsa. Safuna penti chifukwa mtundu uli m'kati momwe. Sabaya ndi tizisonga monga lichitira thabwa lakale. Matope kapena zoipa za mwana zimachoka ndi madzi ndi sopo, chimene chili chinthu chabwino pa chipatala. Wakuba wofuna nkhuni alibe naye ntchito, wogula zitsulo chimodzimodzi. Ndiponso amachotsa zinyalala zambiri ndithu. Thabwa limodzi lopanda mphako, lotalika mita 1.8, mulifupi masentimita 10, kuchindikala masentimita 4, limalemera pafupifupi makilogalamu 7. Matabwa 7 otere a benchi imodzi alemera ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ganizani zigubu zingati zopanda kanthu zimene zingakwane kulemera kwa thumba la chimanga!

Zimene wogulitsa sanena

Wogulitsa adzakuuzani zabwino zonsezi, ndipo sakunama. Koma pali zina zimene saziyamba yekha. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba, thabwa la pulasitiki ndi lofewa msana. Silithyoka msanga, koma limagonja. Thabwa la mtengo mukalikhalira limapindika pang'ono, mukanyamuka libwerera. La pulasitiki likamakhalidwa tsiku ndi tsiku limanka litsika pakati pang'onopang'ono, ndipo silibwereranso. Kukatentha kugonjako kumafulumira. Benchi yopangidwa ngati ya matabwa, ya miyendo ku nsonga zokha, pakapita zaka zochepa imaoneka ngati bwato. Ifunika mwendo wina pakati, kapena chitsulo chogona kunsi kwa matabwa. Pogula weramani muyang'ane kunsi. Ngati pakati pa zochirikiza pali mpata woposa theka la mita ndipo palibe chitsulo, funsani chifukwa chake.

Ulipo mtundu wina wolimba kwambiri, wosakaniza ndi ulusi wa galasi. Akatswiri a pa yunivesite ya Rutgers ku America, motsogozedwa ndi Thomas Nosker, anaukonza mpaka mu 2009 asilikali a dzikolo anamanga nawo mlatho ku Fort Bragg, ndipo kasinja wa nkhondo wolemera matani ngati 70 anawolokapo. Koma musaganize kuti thabwa lililonse la pulasitiki ndi lotero. Limenelo ndi la mtengo wina.

Chachiwiri, pulasitiki amatalika kukatentha, nafupika kukazizira. Pa thabwa la mita 1.8 kusinthako kungafike theka la sentimita pakati pa m'mawa wozizira ndi masana otentha. Mmisiri wosadziwa akamanga mothinitsa, thabwa limatukumuka kapena kung'ambika pa bawuti. Mabowo a mabawuti akhale okulirapo pang'ono.

Chachitatu ndi kutentha. Thabwa lakuda kapena lofiirira la pulasitiki likakhala padzuwa limatentha koposa la mtengo. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanagwe, benchi yotere ya pamtetete palibe angaikhalire masana. Sankhani mtundu woyererapo, ndipo ikani pamthunzi. Moto nawonso ndi mdani wake. Lupsa likafika pa udzu wozungulira benchi, kapena wina akatsamiritsa mbaula, pulasitiki amasungunuka ndi kuyaka. Thabwa lopserera mungalipale. Pulasitiki wosungunuka watha basi.

Chachinayi ndicho chachikulu kwa ife: mtengo wake ndi kutalika kwa fakitale. Tsiku logula, benchi ya pulasitiki imadula kuposa ya paini. Ndi yolemeranso, pafupifupi kawiri kuposa paini, kotero yonyamulira imakwera. Ndipo thabwa limodzi likawonongeka, lina mudzalipeza kuti? Ngati linachokera ku Johannesburg, benchiyo idzakhala ndi mpata ngati munthu woguluka dzino kufikira kalekale.

Ogulitsa ena amalonjeza zaka 40 kapena 50. Mwina n'zoona kwa pulasitiki wabwino. Koma wosasankhidwa bwino, wosatsukidwa, wopanda mankhwala oteteza ku dzuwa, amayamba kuyoyoka ngati beseni loiwalika padenga. Lonjezo la pakamwa silithandiza. Auzeni alembe pa pepala zaka zimene akulonjeza, asaine, ndipo mlembi wa komiti asunge.

Musayese kusungunula panyumba

Apa ndiime kaye ndichenjeze. Wina akawerenga phunziro lino anganene kuti, "Aa, nkhani yake ndi yomweyi? Nditola majumbo, ndisungunule mu mgolo pa moto wa nkhuni." Chonde musatero. Makina a ku fakitale amasunga kutentha pa muyeso umodzi kuti pulasitiki afewe osapsa. Moto wa nkhuni ulibe muyeso. Pulasitiki amapsa, natulutsa utsi woipa m'mapapo. Woopsa kwambiri ndi wa nambala 3, umene utsi wake uli ndi poizoni woyambitsa matenda aakulu. Pulasitiki wosungunuka akadonthera pakhungu amamatirira, ndipo bala lake ndi lakuya. Ngakhale chizolowezi chathu chokolezera makala ndi jumbo n'chosayenera. Utsi umene uja amapuma ndi mayi wophika ndi mwana ali kumbuyo.

Zilipo zinthu zakale zimene tingagwiritse ntchito popanda moto. Mafelemu a chitsulo a madesiki akutha a pa sukulu, wowotcherera angawawongole nakhomapo matabwa atsopano. Zitsulo za bedi lakale la m'chipatala zingakhale miyendo ya benchi. Matayala awiri okwiriridwa theka m'nthaka angachirikize thabwa. Koma tayala lisasunge madzi m'kati, kuopa udzudzu. Lidzazeni ndi dothi kapena libooleni.

Phunziro la ku New York

Mu mzinda wa New York ku America muli paki yaikulu yotchedwa Central Park. Ili ndi mahekitala 341 ndi mabenchi oposa 9,000. M'zaka za m'ma 1970 mzindawo unasowa ndalama, ndipo pakiyo inawonongeka. Kapinga anasanduka fumbi, mabenchi ambiri anathyoka osakonzedwa. Inde, ngakhale ku America! Mu 1980 anthu a mu mzindawo anapanga bungwe losamalira pakiyo mogwirizana ndi boma la mzinda. Mu 1986 anayamba njira iyi: munthu kapena banja limapereka ndalama, dzina kapena mawu awo amalembedwa pa kachitsulo n'kukhomedwa pa benchi, ndipo ndalamazo zimasungidwa kuti zizikonzera mabenchi ndi malo owazungulira.

Tione zinthu ziwiri pamenepa. Mabenchi ambiri a kumeneko ali ndi miyendo ya chitsulo kapena ya simenti, ndipo pokhalira ndi potsamira pali timatabwa tomangidwa ndi mabawuti. Kathabwa kamodzi kakatha amachotsa komweko, naika kena. Miyendo imakhalabe. Chinanso, iwo anazindikira kuti ndalama yogulira benchi si yokwanira payokha. Pafunikanso ya chaka chamawa ndi chinacho. Kwathu kuno timachita mwambo tsiku lolandira mabenchi, timaomba m'manja, kenaka palibe amene amapatsidwa udindo woyang'anira. Bawuti imodzi ikamasuka aliyense amaona, koma aliyense amati, "Ndi za boma."

Tiwerengere pamodzi

Tengani pensulo. Mitengo ndi zaka zili m'munsizi n'zongoyerekeza kuti tiphunzirire masamu. Mitengo yeniyeni mukafunse kwanu.

Tiyerekeze kuti benchi ya paini wosathira mankhwala yagulidwa K60,000 ndipo yatha patapita zaka 3. Gawani 60,000 ndi 3. Yankho ndi K20,000 pa chaka.

Tiyerekeze kuti benchi ya pulasitiki yagulidwa K240,000 pamodzi ndi yonyamulira, ndipo yakhala zaka 20. Gawani 240,000 ndi 20. Yankho ndi K12,000 pa chaka.

Mwaona? Imene inaoneka yodula kanayi ndiyo yotsika mtengo tikawerenga zaka. Koma tiyerekezenso kuti ya pulasitikiyo inali yachinyengo, yagonja pakati patapita zaka 6 zokha. Gawani 240,000 ndi 6. Tsopano ndi K40,000 pa chaka, kawiri kuposa ya paini ija.

Yachitatu ikhale ya miyendo ya mabuloko a simenti ndi matabwa a bulugamu wouma bwino, ya K120,000. Penti wa chaka chilichonse ndi K5,000. Pa zaka 10 penti ndi K50,000. Zonse pamodzi ndi K170,000, ndiye kuti K17,000 pa chaka. Koma zaka 10 zikatha miyendo ilipobe. Mungogula matabwa okha.

Ndikanakhala mu komiti

Mukandifunsa ine maganizo anga, ndi awa. Mlombwa, mbawa ndi mkungudza tizileke. Mitengo imeneyi yatsala pang'ono, si yoika panja kuti mvula iziikwapula. Pa paki ya mu mzinda, kapena m'mbali mwa nyanja ndi malo ena a chinyontho kumene thabwa limawola msanga, pulasitiki wakale ndi wabwino, malinga ngati wopangayo ali kofikika, walemba lonjezo lake, ndipo benchiyo ili ndi chochirikiza pakati. Khonsolo ikamagula mabenchi otere kwa opanga a m'dziko momwemo, otola mabotolo ndi zigubu amapezanso msika wa katundu wawo. Koma pa chipatala cha kumudzi, kutali ndi fakitale, ine ndingasankhe miyendo ya simenti kapena ya chitsulo chakale, ndi matabwa a mitengo yobzala amene mmisiri wa pomwepo angasinthe. Tsiku lina matabwa a pulasitiki akadzayamba kupezeka pafupi, mudzangomasula mabawuti n'kuwaika pa miyendo yomweyo, mutawonjezera mwendo wa pakati.

Pomanga, thabwa lisakhudze dothi. Pamenepo ndi pamene chiswe chimakwerera ndi pamene kuwola kumayambira. Pokhalira pakhale masentimita 45 kuchokera pansi. Pakatsika kwambiri, okalamba ndi amayi oyembekezera amavutika kunyamuka. Munthu wamkulu mmodzi amafuna malo a masentimita 60, choncho benchi ya mita 1.8 ndi ya anthu atatu. Pakati pa thabwa ndi thabwa siyani kampata kolowa chala kuti madzi a mvula azidutsa. Mangani ndi mabawuti, osati misomali, pakuti misomali imazuka ndi kung'amba zovala. Pakani penti mbali zonse za thabwa musanalimange, makamaka ku nsonga kumene madzi amalowera. Ngati ndalama zilipo, ikani potsamira msana ndi pogwira dzanja ku mbali imodzi. Ndipo m'buku la komiti lembani dzina la munthu amene aziyendera mabenchi mwezi ndi mwezi, kuchotsa njira za chiswe pa miyendo, kulimbitsa mabawuti ndi kulambula udzu wozungulira nyengo ya lupsa isanafike.

Zoti muchite ndi kukambirana

1. Pitani pa chipatala, pa sukulu kapena pa depoti ya kwanu. Werengani mabenchi. Lembani abwino angati, owonongeka angati, ndi chimene chinawawononga.

2. Pezani zinthu zisanu za pulasitiki panyumba panu. Lembani nambala imene ili kunsi kwa chilichonse. Ndi ziti zimene zingapange thabwa?

3. Funsani mmisiri wa kwanu mtengo wa thabwa la paini ndi la bulugamu. Mumufunsenso kuti thabwa la mlombwa analiona liti komaliza, ndipo linachokera kuti.

4. Benchi yagulidwa K90,000 ndipo yakhala zaka 6. Kodi ndi ndalama zingati pa chaka?

5. Lembani kalata yaifupi kwa wapampando wa komiti ya chipatala kapena kwa khansala wa dera lanu. Nenani malo amene pakusowa benchi, anthu amene akuvutika, ndi mtundu wa benchi umene gulu lanu lasankha.